Lole yanga ikuvuta kulira m'mawa kukazizira

Dalaivala wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi lole ya dizilo ya matani atatu imene ndimanyamulira mbatatesi kuchokera ku Bembeke kupita ku Lilongwe, ndipo chiyambireni kuzizira kwa mwezi wa June yakhala ikundivuta kulira m'mawa uliwonse. Sitata imazungulira ndithu, koma injini imangotulutsa utsi woyera wonunkha dizilo, kenako imalira monjenjemera nditayesa kanayi kapena kasanu. Masana imalira kamodzi kokha. Anzanga akundiuza kuti ndizikoleza makala pansi pa injini, koma mtima wanga ukukana.

Makaniko wa ku Biwi:
Bambo, mtima wanu ukunena zoona, chifukwa moto pansi pa mapaipi a dizilo ukhoza kupsereza lole yonse. Utsi woyerawo ndi umboni wakuti mafuta akufika m'masilinda koma sakuyaka. Injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto ngati ya petulo. Mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya umene pisitoni yaupanikiza, ndipo m'mawa chitsulo chozizira chimamwa kutenthako mafuta asanagwire. N'chifukwa chake injini zambiri zazing'ono zili ndi mahita, tizitsulo totenthetsa m'masilinda ndi magetsi injini isanalire, ndipo ine ndingayambire pamenepo. Masulani kachitsulo kolumikiza mitu ya mahita onse, mangani waya wa tesita ya babu ku pozitivu ya batire, kenako gusani mutu wa hita iliyonse payokha. Pamene babu sakuyaka, hitayo yafa. Musakhulupirire kanyali ka pa dashibodi, pakuti kamayaka ngakhale mahita atapsa. Onaninso fyuzi ndi rileyi yake.

Mayi wa malole ku Mzuzu:
Ndikugwirizana ndi amakaniko, koma batire musaliiwale, chifukwa mphamvu zake zimachepa kukazizira pa nthawi yomweyo imene oyilo walimba ndipo injini ikulemera kuzungulira. Batire la mavolti 12 lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo likatsika pansi pa 9.6 pamene mukuliza, ndiye kuti latopa. Ine ndinavutika mwezi wathunthu ndi lole imene vuto lake linali ufa woyera wobiriwira pa mitu ya batire basi.

Dalaivala wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndayeza monga munanenera, ndipo mahita awiri mwa anayi anali akufa, pamene batire linaonetsa 12.5. Ndasintha onse anayi, ndipo lero chifunga chili tolo lole yalira kamodzi, ngakhale utsi woyera unatulukabe pang'ono.

Makaniko wa ku Biwi:
Utsi wa kanthawi kochepa usakudetseni nkhawa. Koma ukamapitirira injini itatentha, kapena mukaona kuti oyilo akutha msanga, kayezetseni kompulesheni (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda) ndi manozo opopera dizilo, popeza maringi a pisitoni otha amataya mpweya umene umayenera kuyatsa dizilo.