Kagulu kothandiza ozunzidwa m'banja kangapeze kuti ndalama?

Nangozo:
Moni nonse. Kuno ku Dedza tili ndi kagulu ka amayi 12. Timalandira amayi ndi ana othawa nkhanza za m'banja n'kuwaperekeza kupolisi ndi kuchipatala, ndipo ndalama timasonkherana tokha. Tinalembetsa kwa a Social Welfare ku khonsolo basi. Kodi tingapemphe kuti thandizo, ndipo opereka ndalamawo amafuna chiyani?

Mlembi wa ku Zomba:
Mayi Nangozo, satifiketi ya ku khonsoloyo ndi chiyambi chabwino, koma imangosonyeza kuti ndinu CBO, gulu la m'dera. Mabungwe ambiri akunja amafuna bungwe loti likhoza kusainira mgwirizano m'dzina lakelake. Choncho mulembe malamulo oyendetsera gulu, musankhe matrasti n'kulembetsa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act. Mukafuna kukhala NGO yeniyeni, pali CONGOMA, mgwirizano wa ma NGO, komanso NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Kumeneko kuli ndalama zolipira ndi malipoti a chaka ndi chaka, ndiye musathamangire musanaone ngati mungakwanitse.

Zina ziwiri n'zosazembeka: TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, ndi akaunti ya kubanki m'dzina la gulu, yosainira anthu awiri mwa atatu omwe si apachibale. Ndalama zolandirira pa foni ya tcheya zimagwetsa magulu ambiri ngakhale pamene palibe wakuba, chifukwa sizilekanitsika ndi za m'thumba mwake.

Yambani lero kulemba m'buku ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhale zosonkherana zanuzo. Wopereka thandizo amayamba wafunsa mmene munasamalira zochepa.

Nachisale:
Pa funso la koti mupemphe. UN Trust Fund to End Violence against Women, yomwe imayendetsedwa ndi UN Women, ndi thumba la nkhani yomweyi, koma imafuna bungwe lolembetsedwa ndi mabuku owunikidwa ndi odita, ndipo opikisana ndi a dziko lonse lapansi. Kwa inu pakali pano, m'patali. African Women's Development Fund ya ku Accra imathandiza mabungwe otsogozedwa ndi amayi. Mama Cash ya ku Amsterdam imalandira ngakhale magulu osalembetsedwa. Urgent Action Fund-Africa imapereka ndalama zochepa mwachangu pakagwa zadzidzidzi, si zoyendetsera ntchito ya chaka chonse.

Njira yachidule ndiyo kugwira ntchito pansi pa bungwe lalikulu lomwe lapata kale ndalama ndipo likufuna anthu odziwa midzi. Mabungwe otero amakaonetsa ntchito zawo ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za kukhonsolo, asanayambe m'boma, ndiye a Social Welfare ndi ofesi yoona za jenda amadziwa amene akubwera. Muzipitako pafupipafupi ndi lipoti la tsamba limodzi.

Musadalire gwero limodzi. Spotlight Initiative ya EU ndi UN, ntchito yothana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, inayamba mu 2019 m'maboma a Mzimba, Nkhata Bay, Ntchisi, Dowa, Machinga ndi Nsanje, ndipo inatha. Mu 2025 ntchito zambiri za USAID zinaima mwadzidzidzi. Komanso aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mulipire kaye kuti fomu yanu iyende, ameneyo ndi tsizinamtole.

Gogo wa Bajeti:
Anzanga anena bwino za mapepala, koma ine ndikuona kuti pogwera ambiri m'pa bajeti. Mumapeza theka la ndalama lapita ku matisheti, zakumwa ndi maalawansi a masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi oyambira pa 25 November, pomwe mayi womenyedwa alibe ya kabaza. Lembani bajeti motsata ulendo wa wozunzidwayo, kuchokera pakhomo mpaka mlandu kutha.

Ulendo woyamba ndi wa kuchipatala, ndipo ndi wothamanga. Wogwiriridwa ayenera kuyamba mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, asanathe maola 72, apo ayi mankhwalawo sathandizanso. Ndiye pakhale kandalama kosungidwa m'manja, koti katuluke usiku popanda kudikira komiti. Kenako pali Victim Support Unit kupolisi, ndi lipoti la dokotala lomwe ndi umboni. Kukhoti musawerengere ulendo umodzi: milandu imasunthidwa, ndipo mboni nazo zimafuna thiransipoti. Milandu yambiri imafera pamenepa, mayi akatopa n'kuvomera zokakambirana kwa ankhoswe. Ikaninso ulendo wokapempha chikalata choletsa wankhanza kuyandikira, chomwe lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka. Onjezani chakudya, sopo, chitenje, zovala za ana ndi mayunitsi a foni.

Za nyumba yobisalako, musalonjeze. Imafuna lendi, mlonda, chakudya ndi wosamalira usana ndi usiku, ndipo ndalama za chaka chimodzi zikatha mudzasowa kowapititsa anthu.

Ndalama zimabwera m'zigawo. Lipoti likachedwa, kapena malisiti akapanda kukwana, chigawo chachiwiri sichituluka. Wakabaza alibe lisiti, ndiye konzani vocha yanu yolemba tsiku, ulendo, mtengo ndi siginecha yake. Musachotse ndalama pa mzere wina kupita pa wina popanda chilolezo cholembedwa. Funsaninso ngati mgwirizano uli mu kwacha kapena mu dola: mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo bajeti ya mu kwacha inasanduka yoperewera m'tsiku limodzi lokha.

Nangozo:
Zikomo kwambiri. Nanga akafuna mayina ndi zithunzi za omwe tawathandiza ngati umboni?

Gogo wa Bajeti:
Ayi mayi, mayina asatuluke. Munthu aliyense mupatseni nambala, ndipo nambalayo ndi imene ilembedwe pa vocha ndi m'malipoti. Buku lolumikiza nambala ndi dzina likhale m'bokosi lokiya, odziwa akhale awiri okha. M'lipoti muzilemba chiwerengero: angati analandiridwa, angati anafika kuchipatala maola 72 asanathe, milandu ingati inafika kukhoti. Zimenezi muzilembe mu pulopozo yopempha ndalama momwemo, kuti odita akadzabwera adzapeze kuti zinagwirizanidwa kale.