1.8 MN ndi matani angati abale, jeke yathu ikwana?

Foromani wa pa saiti: Akuluakulu thandizeni msanga. Mawa tili ndi pile test pa mlatho (kuyesa mzati wa maziko poukanikiza ndi jeke kuti tione ngati upirira katundu), pa drawing alemba working load (katundu amene mzatiwo uzinyamula) 1.8 MN ndipo akuti tiyese mpaka 150%, koma ife kuno timawerenga ma kN ndi matani. Jeke yomwe tabwereka yalembedwa 300 ton, ikwana?

Wa ku labu: M wamkuluyo ndi mega achimwene, miliyoni, ndipo N ndi newton, muyeso wa mphamvu. 1 MN ndi 1000 kN. Ndiye 1.8 MN ndi 1800 kN, muchulukitse ndi 1.5 ikhala 2700 kN kapena 2.7 MN. Polemba lipoti musalembe m wamng'ono, mN ndi chinthu china, kakang'ono zedi.

Foromani wa pa saiti: Ndiye ndingogawa ndi 10, matani 270, jeke ikwana eti?

Wa ku labu: Kugawa ndi 10 ndi kwa m'mutu chabe. Tani imodzi ndi 9.81 kN, ndiye 2700 kugawa 9.81 ndi matani 275. MN imodzi muziyitenga ngati matani 102.

Mayi injiniya: Dikirani kaye musanasangalale. Bambo foromani tapitani mukawone kambale kachitsulo kali pa jekeyo, presha yalembedwa mu bar kapena psi? Ndikufunsa chifukwa ton ya ku America ndi mapaundi 2000 basi, imakhala 8.9 kN osati 9.81, ndipo majeke ambiri obwereka sanena kuti ndi ton iti, amangoti ton.

Foromani wa pa saiti: Ndawona mayi. Yalembedwa 10,000 psi, area 60 sq in.

Mayi injiniya: Ndi zomwe ndimaopa zija. Psi ndi mapaundi pa sikweya inchi imodzi, ndiye 10,000 kuchulukitsa 60 ndi mapaundi 600,000, kugawa 2000 ndi 300, ndiye ndi ton ya ku America imeneyo. Mu ma kN ndi 2669, matani athu 272. Inu mukufuna 2700. Sikwana bambo, yaperewera ndi 31 kN, komanso ngakhale ikanakwana ndendende sindikanalola kuti muikankhe mpaka pamapeto pake ndi kusunga katunduyo maola ambiri anthu ali pafupi kuwerenga ma dial gauge (mageji oonetsa mmene mzati ukutitimirira), ma seal akatulutsa mafuta reading yonse yawonongeka ndipo anyamata anu ali pansi pa matani onsewo.

Wa ku Joni: Zoona zimenezo. Kuno timafuna jeke yokhala ndi mpata ndithu pamwamba pa test load. Funani ya 400 kapena 500, ndipo ibwere ndi satifiketi ya calibration ya jeke ndi geji yake limodzi, osati geji yongotola pena.

Foromani wa pa saiti: Nanga mabuloko a konkire osanjika pamwamba kuti jeke izikankhirapo, akufunika angati?

Wa ku labu: Buloko ya 1 cubic metre ndi matani pafupifupi 2.4, ndiye 275 kugawa 2.4 ndi mabuloko 115, koma amenewo angofanana ndi test load. Onjezerani kuti jeke isanyamule mulu wonse, onani pa spec kuti akufuna owonjezera angati.

Foromani wa pa saiti: Zikomo nonse. Ndayimbira bwana, test tayisunthira Lachinayi, jeke ya 500 ikuchokera ku Blantyre. Ikafika ndijambula kambale kake muwone kaye mayi tisanaiyike.