Chingwe cha fayiba chikungodukaduka, ndigawireni nzeru

Akuluakulu, makamaka inu amene munayang'anirapo ntchito yoyala zingwe za fayiba (zingwe zoyendetsa intaneti), ndithandizeni. Ndapatsidwa gulu la anyamata okumba ngalande ku Chirimba, ndipo aka n'koyamba kutsogolera ntchito yotere. Anzathu ena akamakumba zawo akumadula chingwe chathu. Tikalumikiza, mvula ikumachifukulanso pamalo otsetsereka. Zikundipweteka mtima, chifukwa intaneti imayenda mtunda wautali, kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, kudutsa Tanzania kapena Mozambique, kenako n'kudzadukira pakhomo pathu penipeni.

Kodi pamalo amiyala mumakumba mozama bwanji, kapena ndi bwino kungodutsitsa chingwe m'mapolo? Nanga okumba anzathuwa mumagwirizana nawo motani asanayike khasu pansi? Chonde, amene munakumanapo nazo, ndiuzeni.