Piyano ya makiyi 88 yophunzirira kunyumba komanso kunyamula ku tchalitchi: ndigule iti?

Tisa wa ku Kalongwezi:
Moni nonse. Ine ndimaimbira kwaya kiyibodi ku mpingo kwathu kuno ku Chipata. Kiyibodiyo ndi ya mpingo, Yamaha PSR ya makiyi 61, ndipo imakhala yotsekeredwa mu ofesi ya abusa mpaka Loweruka. Chaka chino ndayamba kuphunzira kuwerenga manotsi kwa agogo ena amene ali ndi piyano yamatabwa kunyumba kwawo. Ndikakhala pa piyano imeneyo zala zimatopa nyimbo isanathe, ndipo chala chaching'ono cha kumanzere sichimveka n'komwe. Agogowo akuti makiyi opepuka a PSR ndiwo anandilemaza.

Ndiye ndikufuna yangayanga, ya makiyi 88 olemera, yoti ndiziyeserera usiku ndi mahedifoni ana a achemwali anga atagona, koma Lamlungu ndiziinyamula. Mwina ndi pa maukwati pomwe. Pa Facebook wina ku Lusaka akugulitsa Yamaha P-45 yogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo womwe ndingakwanitse. Ndaonanso Casio PX-S1100 ndi Roland FP-30X, koma zimenezo ndiye kudikira kaye. Amene mwazigwirapo, ndithandizeni.

A Zulu a mikisa:
Mwana wanga, musanayang'ane makiyi itembenuzeni kaye muone kumbuyo. P-45 ilibe potulukira mawu opita ku mikisa (chipangizo chosakaniza mawu a oimba n'kuwatumiza ku masipika a tchalitchi), ili ndi bowo la mahedifoni chabe. Imalowa ndithu pa mikisa kudzera pamenepo, koma mukangolumikiza chingwe masipika ake amakhala chete. Ngati ku tchalitchi kwanu kulibe sipika yoyang'ana kwa inu, mudzaimba mukumva mawu anu akubwerera kuchokera kukhoma lakumbuyo mochedwa, kwaya ili patsogolo inu muli pambuyo. Ndaziona zimenezi kangapo, woimba n'kumandiyang'ana ine ndi diso loipa ngati ndazimitsa dala.

Yamaha P-125, Roland FP-30X, Casio PX-S1100 ndi Kawai ES110 zonse zili ndi line out yakeyake, bowo lapadera lotulutsira mawu kupita ku mikisa. Imeneyo ndiyo muifune. Ndipo ngati mikisa ili kutali ndi pomwe mumakhala, uzani akuluampingo agule DI box, kabokosi kothandiza kuti mawu ayende pa chingwe chachitali popanda phokoso, apo ayi chingwe chachitali chidzang'ung'uza mapemphero onse.

Chinanso. Zimene amazitchula stage piano zenizeni, monga Yamaha CP88 kapena Nord, zilibe masipika m'kati, ndipo CP88 imapitirira makilogalamu 18. Si zanu zimenezo.

Mabvuto Keys:
A Zulu anena zoona, koma ine ndikhudze za ukwati poti ndiko ndimadyera. Mlongo, anthu akakuitanani ku holo safuna piyano. Amafuna ng'oma, besi ndi malipenga zituluke mu kiyibodi imodzi kuti a pamzere avine polowa. Zimenezo ndi ntchito ya PSR ndi masitayilo ake. P-45 ili ndi mawu 10 okha ndipo ng'oma mulibe, muli metronome basi, kachiphokoso kogunda nthawi ya nyimbo. P-125 ili nazo zochepa, koma simungaimbire nazo phwando lonse. Ndiye mukagula piyano, dziwani kuti mwagulira kuphunzira ndi nyimbo za m'buku, kapena pomwe mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Ku madyerero muzibwerekabe ya mpingo.

Za kunyamula musanamizidwe ndi mawu akuti portable, kutanthauza yonyamulika. Chinthucho n'chotalika mita imodzi ndi masentimita 30 kapena kuposerapo. Panjinga ya kabaza iwalani, pa honda ndiye musayese n'komwe. Mu takisi imakwana pampando wakumbuyo, koma mpando wonsewo mwalipira ndinu. P-45 imalemera makilogalamu 11.5, Casio 11.2, Roland ikuyandikira 15. Pa pepala kusiyanako kukuoneka kochepa, koma onjezani sitandi, pedulo ndi chikwama cha zingwe, kenako mukwere nazo masitepe a tchalitchi mutavala nsapato za Lamlungu.

Amake Dalitso, Katete:
Palibe amene watchula malaiti! Chilala cha 2024 chija, madzi atachepa ku Kariba, tonse tikukumbukira mmene tinkakhalira mumdima. Ine ndili ndi PX-S1100 ndipo ndinaisankha chifukwa imayenda ndi mabatire 6 a AA, pafupifupi maola 4. Ndinagula otchaja, ndimawadzaza pa sola masana. Yamaha ndi Roland zomwe mwatchulazo zimafuna adaputa, ngakhale sizidya magetsi ambiri, kainveta kakang'ono kamakwanira.

Ndisakubisireni, aphunzitsi ena sakonda makiyi a Casio imeneyi. Poti thupi lake n'lopyapyala, makiyi ndi aafupi m'kati, ndiye ukadina chakumtunda pafupi ndi pomwe akulowera amalimba kuposa kunsonga. Ine ndinazolowera. Koma poti cholinga chanu n'kulimbitsa zala, makiyi a Roland ndiwo ndinawamva olemera bwino kuyandikira piyano yamatabwa. Mwezi wa Okutobala fumbi likayamba, muziifunditsa chitenje nthawi zonse, iliyonse yomwe mugule.

Tisa wa ku Kalongwezi:
Zikomo nonse. A Zulu, ku tchalitchi kwathu sipika yoyang'ana kwa oimba ilipo imodzi, ya woimba gitala, tingagawane. Kunyumba sola ndi inveta tili nazo. Ndiye P-45 ija sinagwe mayeso kwenikweni, eti? Wogulitsayo akuti nditumize theka la ndalama, aikweza basi ya ku Chipata.

A Zulu a mikisa:
Ngati monita, sipika yoyang'ana kwa oimbayo, ilipo, P-45 ikutumikirani, ndipo makiyi ake ndi ofanana ndi a P-125. Koma ndalama musatumize. Muli ndi m'bale ku Lusaka? Apite akaione ndi maso. Adine makiyi onse 88 limodzilimodzi, koyamba mofatsa kenako mwamphamvu. Kiyi yomwe ikufuula ngakhale mwaikhudza pang'ono, kapena yongokhala duu, ndiye kuti timphira ta pansi pake tatha kapena talowa fumbi. Zimakonzeka, koma mtengo utsike. Alowetse mahedifoni n'kugwedeza pulagi pang'ono kuti amve ngati bowolo silikuthetheka, chifukwa kwa inu bowo limenelo ndilo lonyamula zonse, kunyumba ndi ku tchalitchi komwe. Aonenso kuti adaputa ndi yake yeniyeni ya 12V, osati yotola pa msika.

Kapedulo kotalikitsira mawu kobwera nayo ndi kaphwatalala kapulasitiki, kamathawa pansi pa phazi pa simenti yopolishidwa. Mudzagule yooneka ngati ya piyano, makamaka yokhala ndi kaswitchi ka polarity pansi, kosinthira kuti igwirizane ndi piyano yanu.

Mabvuto Keys:
Ndipo pa basi isalowe pansi pamodzi ndi matumba a simenti ndi mabelo a salaula. Msewu wa Great East ndi wautali, mapiri a ku Luangwa aja katundu amagundana. M'bale wanuyo aikulunge bulangete, aiike m'katoni, alankhule ndi kondakitala kuti igone pamwamba pa katundu wina, makiyi akuyang'ana kumwamba.