Achikulire akutseka foni AI ikawayankha, tichite bwanji?

Mphunzitsi, sukulu ya kwacha, Chibavi: Anzanga, m'kalasi mwanga ambiri ndi azaka zopitirira 60, akuphunzira pa intaneti kasungidwe ka ndalama za geni. Akafunsa AI, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, imawayankha ndime zisanu m'Chingelezi, iwo basi n'kutseka foni. Pali amene anathana nalo vutoli?

Mphunzitsi wa kompyuta, Luwinga: Aphunzitsi, AI ikapanda kupatsidwa malire imangolemba. Lembani lamulo limodzi, muwatumizire pa gulu la WhatsApp kuti azilimata funso lisanayambe: "Yankha m'Chichewa chosavuta, ziganizo zitatu zokha, sitepe imodzi, kenako dikira ndinene kuti ndamva." Akatsegula macheza atsopano alimatenso, chifukwa AI ina siikumbukira za dzulo.

Konzaninso foni yeniyeniyo. Settings, Display, Font size, mukweze mpaka kumapeto. Ku Accessibility kuli Touch and hold delay, ikani pa Long. Chala cha wachikulire chimachedwa kuchoka pagalasi, ndiye foni imaganiza kuti akufuna kukopera mawu, n'kutulutsa zinthu zomwe sanapemphe.

Mlangizi wa magulu a amayi, Zolozolo: Achimwene, lamulolo ndi labwino, koma sabata zoyamba ine sindingawasiye okha ndi AI. Chichewa chake chimapunduka, mumapeza "ndalama wanu" kapena liwu loti kulibe amene amalinena. Chachikulu ndi masamu. Mayi aoda tomato wa K20,000, alipira K2,000 ya kabaza, agulitsa K27,500. Phindu ndi K5,500. Akaiwala kutchula kabaza, AI iwauza K7,500 mosakayika konse, iwo n'kukhulupirira poti yanena ndi foni. Bola AI izikonzera inuyo phunziro, muwerenge, mutsimikize pa kakyuleta, kenako mujambule ndi mawu anu. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi sufika 1MB, pomwe vidiyo imamaliza bandulo tsiku lomwelo.

Mphunzitsi, Chibavi: Nanga amene amamva bwino Chitumbuka? Ndi theka la kalasi.

Mlangizi, Zolozolo: Google Translate inawonjezera Chitumbuka mu 2024, ingakupatseni poyambira. Koma zomasuliridwa ndi makina zisafike kwa ophunzira munthu wa chilankhulocho asanaziwerenge mokweza. Khutu limagwira zomwe diso lalumpha.

Mphunzitsi wa kompyuta, Luwinga: Pojambula mayankho awo pa WhatsApp, aonetseni kukoka kachizindikiro ka maikolofoni m'mwamba kuti kakhome, apo ayi chala chikaterereka uthenga umaduka pakati. Ndipo tsiku loyamba lomwe muwauze: PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ngakhale nambala ya chiphaso cha unzika, asazilembe m'macheza ndi AI. Poyeserera kuwerengera agwiritse ntchito manambala ongopeka.

Mphunzitsi, Chibavi: Zikomo nonse. Lolemba ndiyamba ndi kukuza zilembo ndi mauthenga a mawu, lamulo lomata lija lidikire kaye mpaka azolowere kukopera.