Chipilala cha asilikali a Keyala: ndalama zabwera, nanga mayina?

Mlembi: Abale, anzathu a ku Joni atumiza thandizo loti timange chipilala cha asilikali a Keyala (King's African Rifles, mwachidule KAR) a kwathu, pafupi ndi bwalo la amfumu. Mayina afike Novembala asanakwane.

Aphunzitsi opuma: Mwala usagulidwe kaye, dzina likagobedwa molakwika silifufutika. Banja lililonse liyambe ndi mamendulo ndi buku la disichaji, lomwe msilikali ankapatsidwa potuluka usilikali. Mamendulo ozungulira a nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, ali ndi nambala, udindo ndi dzina m'mphepete mwake. Pukutani ndi kansalu kofewa basi, mukakwecha ndi phulusa kapena mchenga zilembo zimatha. Mamendulo a Africa Star ndi Burma Star a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina, amangosonyeza dera lomwe munthu anakamenyako, kaya ku Abyssinia kaya ku Burma.

Mayi a ku Area 25: Zisunga ndani ndalamazo? Za mjigo zija lisiti sitinaione mpaka lero.

Msungichuma: Amayi, za mjigo zinawerengedwa pamsonkhano, inu kunalibe.

Aphunzitsi opuma: Tisasochere. Chofunika kwambiri ndi nambala. Makalaliki achizungu ankalemba dzina monga alimvera, L ndi R n'kumasinthana, ndipo anyamata ena ankalembetsa dzina lachilendo kunyumba. Choncho pa pepala lembani zonsezi: nambala, batalioni (zathu zikuluzikulu zinali 1 KAR ndi 2 KAR), dzina la bambo ake, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma monga zinkatchulidwira nthawiyo. Mukalemba Mangochi simupeza kanthu, m'mabuku muli Fort Johnston. Amene anafera kunkhondo mufufuzeni pa intaneti kwa Commonwealth War Graves Commission (bungwe losamala manda ndi mayina a ofera pa nkhondo ziwirizi), n'kwaulere, koma yesani nambala, osati dzina lokha. Amene anabwerako wamoyo simumupeza mmenemo, za iyeyo n'kupita ku National Archives ku Zomba, komanso kukafunsa ku Cobbe Barracks.

Achimwene a ku Joni: Ndiye ku Zombako apita ndani, pa thiransipoti ya ndani? Ife tatumiza za simenti ndi mwala, osati za maulendo.

Mayi a ku Area 25: Ndi zomwezo zinadya za mjigo. Akaunti ikhale ya osayina atatu, apo ayi ine sindisonkha.

Agogo a ku Chinamwali: Nanga atengatenga? Anafa ambiri atasenza katundu wa nkhondo, mendulo mabanja ambiri alibe. Tiwasiya?

Aphunzitsi opuma: Ayi agogo, sangasiyidwe. Mu 2021 a Commonwealth War Graves Commission anavomera okha kuti Aafirika ambiri sanakumbukiridwe ndi mayina. Kwa atengatenga umboni ukhale wa akuluakulu awiri a mabanja osiyana, ofunsidwa payekhapayekha, ndipo mawu awo ajambulidwe pa foni. Mayina awo akhale mbali yawoyawo ya mwala, polembedwa kuti ndi a pakamwa.

Wachinyamata: Opita ku Malaya m'ma 1950 alowa nawo? Nanga amene mendulo yawo yalembedwa Nyasaland 1915, omwe anakamenyana ndi Chilembwe?

Achimwene a ku Joni: Amenewo ndalama yanga isawagobe.

Msungichuma: Ndalama si yanu nokha achimwene, munasonkha anthu ambiri.

Mlembi: Pepani, funso la osayina atatu silinayankhidwe. Ndani akudzipereka?