Kukonza gome la Mgonero: mkate ndi vinyo zichuluke bwanji?

Dikoni watsopano:
Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Pampingo pathu odya Mgonero alipo pafupifupi 300, ndipo timamwera m'timakapu. Ndigule mkate ndi vinyo wochuluka bwanji, nanga ndiyambe liti kukonza? Ndikuopa kuti zingathe ena asanalandire.

Mkulu wa mpingo, Dowa:
Zikomo a Dikoni pofunsa nthawi ikadalipo. Musadalire nambala ya m'kaundula. Werengani makadi a Mgonero pa mapemphero okonzekera a Loweruka, kenako onjezerani anthu 30 kapena 40, chifukwa alendo ndi ochokera ku nyumba za mapemphero zakutali amatulukira Lamulungu m'mawa.

Vinyo: kakapu kamodzi muthiremo mamililita 10, osadzaza. Botolo la mamililita 750 limakwanira timakapu pafupifupi 70, poti pang'ono amatayika pothira. Anthu 340 ndiye mabotolo asanu. Gulani asanu ndi limodzi, lomalizalo likhale losatsegula mu vesitile. Kakapu kodzaza mpaka pakamwa kamakhavukira mu thileyi mkulu akamayenda pakati pa mabenchi, ndipo agogo onjenjemera manja amadzithira pa malaya oyera.

Mkate ndi wosavuta. Tengani wodulidwa kale, chotsani makoko a m'mbali, silaisi iliyonse muicheke katatu m'litali, katatu m'lifupi. Zimatuluka zidutswa 16. Malofu awiri akukwanirani, otsala alipo.

Mayi wa Chigwirizano:
A Dikoni, masamu a abambowa ndi oona, koma pamene pamavuta ndi pa nthawi. Timakapu, mathileyi ndi mbale tsukani Loweruka ndi madzi otentha ndi sopo, tsukuluzani kawiri, muvundikire pa nsalu yoyera ziume zokha. Mukapukuta m'kati ndi kansalu mumasiya ulusi, ndipo sopo wotsalira amamveka m'kamwa.

Mkate musadule Loweruka. Ukagona wodula umauma gwa, okalamba opanda mano amavutika nawo. Dulani Lamulungu m'mawa ndi mpeni wakuthwa, wobuntha umaufinya n'kukhala nyenyeswa zokhazokha. Vinyonso thirani kutatsala ola limodzi, ndi kaketulo ka mlomo wopyapyala kapena sirinji yatsopano. Mukathira usiku, m'mawa mupeza nyerere zili nyomi pa gome. Nsalu zikhale ziwiri, yoyala ndi yofunditsa, zochapa ndi kusita. Anthu awiri kuthira timakapu 340 ndi ntchito ya theka la ola kapena kupitirira, choncho musafike limodzi ndi kwaya. Ndipo sambani m'manja, ichi ndi chakudya cha anthu.

Dikoni watsopano:
Zikomo amayi. Nanga vinyo akachepa mwadzidzidzi, tingathiremo madzi?

Mkulu wa mpingo, Dowa:
Ine ndikuti ayi, ndipo chinthu chotero dikoni sachita yekha osawauza abusa. Botolo lapadera lija ntchito yake ndi imeneyi. Komanso nthawi zambiri vinyo sakhala atatha, amangokhala ali mbali ina. Mkulu wa mbali ya amayi thileyi yake yatha, wa mbali ya abambo yatsala theka, poti m'mipingo yambiri amayi ndiwo amachuluka. Gawani mabenchi kwa akulu musanalowe m'tchalitchi, ndipo mmodzi aime kumbuyo kuona amene wadumphidwa, makamaka amayi amene atuluka panja ndi ana olira.

Ichi musachione chochepa. Pa 1 Akorinto 11:33 Paulo akuuza mpingo kuti uzidikirana posonkhana kudya. Mkhristu amene wayenda mtunda wautali, wadziyesa mumtima sabata yonse, thileyi n'kumupitirira, amapita kwawo ndi chisoni chimene sangauze munthu.

Mayi wa Chigwirizano:
Musaiwalenso odwala ndi okalamba a kunyumba. Patulani timakapu, kabotolo ka vinyo ndi mkate wa m'mbale yotseka mapemphero asanayambe, ndipo mayina awo muwapatse abusa Loweruka lomwelo. Zotsala pagome funsani abusa kachitidwe ka mpingo wanu, zisasiyidwe poyera ana a Sande Sukulu n'kumalimbirana. Timakapu werengani potolera, timasowa pansi pa mabenchi.